Kontrola yopanda chingwe: kuilumikiza, kuisamala ndi kuidzutsa ikaoneka ngati yafa

Tsiku lina madzulo mphwanga anandipeza nditakhala pansi pafupi ndi TV, kontrola ya makina osewerera magemu otchedwa PlayStation 4 ili m'manja, ndikudina batani lapakati mobwerezabwereza. Nyali yake inkaphethira kangapo kenako n'kuzima. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti yafa. Iye anaima pakhomo kwa kanthawi, kenako motsitsa mawu anati, "Achimwene, dzulo ndinailumikiza ku foni yanga." Vuto lonse linali lomwelo. Kontrolayo inalibe chilema, kungoti inali itaiwala makina ake n'kumafunafuna foni imene Bluetooth yake inali yozimitsa. Tinatenga chingwe, n'kuilumikiza kumakina, ndipo inadzuka nthawi yomweyo.

Kuyambira tsiku limenelo sindithamangira kunena kuti kontrola yafa. Ndaonapo makontrola angapo ataponyedwa m'kabati, eni ake atagula ena, chonsecho cholakwika chinali chingwe, batire, kapena kuti kontrolayo sinkadziwa makina oti iziyankhula nawo. Zimandiwawa, chifukwa kachipangizo kameneka kakasamalidwa kamakhala zaka.

Kontrola ndi makina ziyenera kudziwana kaye

Kontrola yopanda chingwe, imene ena amaitcha padi, ndi kawailesi kakang'ono. Mukadina batani, imatumiza uthenga kumakina pa mafunde a wailesi, n'chifukwa chake simufunika kuiloza kutsogolo ngati rimoti ya TV. Ya PlayStation ndi ya Nintendo Switch zimayendera Bluetooth, imene imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz. Ya Xbox ikamayankhula ndi makina ake imayendera njira yakeyake ya Microsoft yotchedwa Xbox Wireless, ndipo Bluetooth imaisungira foni ndi kompyuta.

Komabe makina samvera kontrola iliyonse imene yafika m'chipindamo. Ziwirizi ziyenera kudziwana kaye, zimene pa sikirini zimalembedwa kuti pair kapena sync. Zikadziwana kamodzi zimakumbukirana, ngakhale magetsi atazima. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti makontrola ambiri, makamaka akale, amasunga m'mutu chipangizo chimodzi chokha. Mukapita nayo kwa mnzanu n'kuilumikiza kumakina ake, kapena mwana akaisewerera pa foni, yaiwala makina a kunyumba. Pobwerera muyenera kuzidziwanitsanso ngati tsiku loyamba.

PlayStation, ndi nkhani ya chingwe

Kontrola ya PlayStation 4, makina amene anatuluka mu 2013, imatchedwa DualShock 4, ndipo kabowo kake ndi ka micro-USB, kolowa mbali imodzi yokha. Ya PlayStation 5 ya mu 2020 ndi DualSense, ya kabowo ka USB-C, kamene chingwe chimalowa kaya mwachitembenuza kaya ayi. Kalumikizidwe kake n'kofanana.

Yatsani makina ndi batani la pamakinapo. Lowetsani chingwe m'kabowo ka USB kakutsogolo kwa makina, mbali inayo ku kontrola. Dinani batani lapakati lolembedwa PS. Nyali ikayaka n'kukhazikika, sankhani dzina la wosewera pa sikirini, ndipo mukhoza kuzula chingwecho. Kuyambira pamenepo batani la PS liziyatsa kontrola ndi makina omwe, inu muli chikhalire pampando.

Mukachita zonsezi koma nyali n'kumangophethira, muyambe mwakayikira chingwe, osati kontrola. Zingwe za USB zimafanana kunja koma m'kati n'zosiyana. Zina zili ndi mawaya onyamula magetsi okha, pamene zina zili ndi mawaya enanso onyamula uthenga. Zingwe zambiri zobwera ndi tizipangizo monga tochi kapena kasipika ndi zamagetsi okha. Chingwe choterocho chimatchaja kontrola, inu n'kuganiza kuti zonse zili m'malo, koma makina samva kanthu. Kuchiyesa n'kosavuta. Lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwe chomwecho. Kompyuta ikaiona foniyo n'kukufunsani za mafayilo, chingwecho n'choyenera. Foni ikangotchaja basi, funani china. Ine chingwe chimene chinabwera ndi makina ndinachimanga kaulusi kofiira pafupi ndi kumutu kwake, kuti chisasokonekere ndi zinzake m'dirowa.

Kontrola yachiwiri mukhoza kuilumikiza popanda chingwe, bola yoyamba ikhale ikugwira ntchito. Pa PlayStation 4 lowani mu Settings, kenako Devices, kenako Bluetooth Devices. Pa PlayStation 5 ndi Settings, Accessories, General, kenako Bluetooth Accessories. Tengani kontrola yatsopanoyo ili yozimitsa, n'kukanikiza mabatani awiri nthawi imodzi osasiya: PS ndi Share pa DualShock 4, kapena PS ndi Create pa DualSense. Share ndi Create ndi kabatani kakang'ono kali kumanzere kwa kabwalo kosalala kapakati. Nyali ikayamba kuthwanima mofulumira, dzina la kontrolayo lituluka pa sikirini, ndipo mulisankhe ndi kontrola yoyamba ija.

Chenjezo limodzi kwa amene ali ndi DualSense: ili ndi maikolofoni m'kati. Mukamasewera pa intaneti ndi anthu ena, zimene zikuyankhulidwa m'chipindamo zikhoza kumveka kwa iwo. Kabatani kali m'munsi mwa batani la PS ndi kotsekera maikolofoniyo, ndipo kakayaka mtundu wa orenji ndiye kuti yatsekedwa. Ngati m'nyumba muli ana osewera, awonetseni kabatani kameneka tsiku loyamba lomwe.

Xbox

Kontrola ya Xbox imabwera ndi malo a mabatire awiri a AA kumsana kwake. Tsegulani kachivundikiro, ikani mabatire motsatira zizindikiro za + ndi -, ndipo dinani batani lalikulu lozungulira la chizindikiro cha Xbox mpaka liyake. Likamaphethira pang'onopang'ono, ndiye kuti ikufunafuna makina.

Pamakina pali kabatani kakang'ono kozungulira kodziwanitsira. Pa Xbox Series X ndi Series S, zonse za mu 2020, kali kutsogolo pafupi ndi kabowo ka USB. Pa Xbox One yoyamba ya mu 2013 kanabisika m'mbali, chakumanzere. Dinani kameneko n'kusiya. Pasanathe masekondi 20, kanikizani kabatani kofanana nako kamene kali pamutu pa kontrola, pafupi ndi kabowo kake ka chingwe, mpaka chizindikiro cha Xbox chiyambe kuthwanima mofulumira. Chikayaka mosalekeza, zadziwana. Mukachedwa kupitirira masekondiwo makina amasiya kudikira, ndipo mungoyambanso.

Ngati njira imeneyi yakana kawiri, chingwe cha USB chimagwiranso ntchito yomweyo: lumikizani, dinani batani la Xbox, kenako zulani. Ndipo mukhale mukudziwa kuti kontrola ya Xbox ikakhala pachingwe imagwira ntchito ngakhale mulibe batire limodzi lomwe. Zimenezi zimapulumutsa gemu mabatire akatha usiku. Koma chingwecho sichitchaja mabatire a AA amene ali m'katimo. Chimatchaja batire lapadera lokha lopangidwira kontrolayo, limene limagulidwa palokha.

Nintendo Switch

Apa zinthu n'zophweka. Switch, ya mu 2017, ili ndi timakontrola tiwiri totchedwa Joy-Con. Makina ali oyaka, tsetserezani kalikonse m'njanji yake m'mbali mwa sikirini kuchokera pamwamba mpaka mumve kuti "kha", ndipo tadziwana. Pochotsa, kanikizani kabatani kakuda kakumsana musanakoke. Kukoka mwamphamvu osakanikiza kumadya kachitsekero kam'kati, ndipo kenako Joy-Con imayamba kumangosolokoka yokha mukusewera.

Kontrola yaikulu yotchedwa Pro Controller ilumikizeni ndi chingwe chake ku chikhazikiro chimene chimatumiza zithunzi ku TV, makina ali momwemo. Ngati mukufuna kulumikiza popanda chingwe, lowani mu Controllers, kenako Change Grip/Order, ndipo kanikizani kabatani ka sync kwa masekondi angapo. Pa Pro Controller kali pamutu, pa Joy-Con kali m'mbali ya njanji, pakati pa mabatani a SL ndi SR. Pa tsamba lomweli ndi pamene mumauza makina mmene mwagwirira: L ndi R pamodzi ngati munthu mmodzi wagwira tonse tiwiri, kapena SL ndi SR ngati aliyense wagwira kake chopingasa. Joy-Con ikalowa pansi pa mpando, Find Controllers imainjenjemeretsa mpaka muipeze.

Osewera angapo, ndi makontrola osalowana

PlayStation 4 ndi 5 zimalola makontrola anayi nthawi imodzi. Xbox imalola 8, Switch nayonso 8, kungoti Joy-Con iliyonse imawerengedwa payokha. Pa DualShock 4 mtundu wa nyali umakuuzani kuti ndinu wachingati: wobiriwira ngati thambo ndi woyamba, wofiira wachiwiri, wobiriwira ngati msipu wachitatu, wa pinki wachinayi. Pa Switch pali msampha wina. Kuyambira mu 2021 makinawa amalola mahedifoni a Bluetooth, koma mukawalumikiza, makontrola opanda chingwe amatsikira pa awiri okha. Wachitatu akakanika kulowa, yang'anani kaye ngati wina sanalumikize mahedifoni.

Musanagule kontrola yowonjezera, makamaka yogwiritsidwa kale ntchito, onani ngati ikulowana ndi makina anu. Ya Xbox One imagwira bwinobwino pa Series X ndi S, koma ya Xbox 360 ya mu 2005 siigwira pa makina onsewa. DualShock 4 imalumikizika ku PlayStation 5, koma imaseweretsa magemu a PlayStation 4 okha. Mukatsegula gemu ya PlayStation 5 makina akuuzani kuti mubweretse DualSense. Nayo DualSense simungailumikize ku PlayStation 4. Pamenepa palibe chokonza, ndi mmene anazipangira.

Batire

Nkhani imeneyi ndiichedwetsa pang'ono, chifukwa makontrola ambiri amakalamba kuyambira kubatire.

Makontrola a PlayStation ndi a Switch ali ndi batire la lithiamu lotsekeredwa m'kati, longa la foni. DualShock 4 imadzaza pa maola pafupifupi awiri, DualSense pafupifupi atatu. Joy-Con imatenga maola atatu ndi theka n'kugwira ntchito pafupifupi maola 20, pamene Pro Controller imatenga maola 6 n'kukhala pafupifupi maola 40. Ya PlayStation simafika pamenepo, ndiye musadabwe ikamafuna kutchaja pafupipafupi kuposa ya mnzanu wa Switch.

Dandaulo lofala ndi lakuti, "Ndinaisiya pachingwe usiku wonse koma m'mawa ilibe moto." Nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti makina anali atazimitsidwa kotheratu, choncho mabowo a USB analibe magetsi. Pa PlayStation siyani makina ali mu Rest Mode, kumene ndi kugona kosazimiratu, ndipo mu Settings, pa gawo losunga magetsi, pezani Supply Power to USB Ports n'kuivomereza. Zikakhala bwino, nyali ya kontrola imapuma pang'onopang'ono mtundu wa orenji, kuwala n'kuzirala, kuwala n'kuzirala, ndipo ikadzaza imazima yokha. Mukaona kupuma kumeneko mukhoza kukagona.

Pa gawo lomwelo pali Set Time Until Controllers Turn Off, pamene mungasankhe mphindi 10, 30 kapena 60. Sankhani 10. Kontrola yosiyidwa pampando iyaka maola ambiri osagwiritsidwa ntchito ngati simunaiuze nthawi yogona. Mukafuna kuizimitsa nokha, kanikizani batani la PS kwa masekondi pafupifupi 10. Ya Xbox imazima mukakanikiza batani lake kwa masekondi 6.

Zimene zimadya moto kwambiri ndi kunjenjemera, nyali, kasipika ka m'kontrola, ndi mahedifoni olowetsedwa m'kabowo kake ka 3.5 mm. Pa DualSense palinso mabatani a zala za mkombaphala, L2 ndi R2, amene amalimba kapena kufewa malinga ndi zochitika mu gemu. Muli timainjini m'katimo, ndipo timafuna magetsi. Zonsezi mukhoza kuzichepetsa mu Settings. Ine kunjenjemera sindikuzimitsa kotheratu chifukwa m'magemu ena ndiko kumakuuza kuti galimoto yachoka pamsewu, koma ndimakuika pakatikati, ndipo nyali ndimaiika pa kuwala kotsikitsitsa.

Batire la lithiamu limadana ndi zinthu ziwiri: kutentha, ndi kukhala lopanda moto kwa nthawi yaitali. Musasiye kontrola padzuwa pawindo, kapena pamwamba pa makina pamene pamatulukira mpweya wotentha. Ngati muli ndi kontrola yachiwiri yodikira alendo, muziitchaja pakapita miyezi ingapo ngakhale simunaigwire. Ikakhala chaka ili yofoka, batire likhoza kukana kudzukanso. Mukaona kuti thupi la kontrola layamba kutsekuka pamsoko pake kapena kumsana kwafufuma, lekani kuitchaja pomwepo. Batire lotupa likhoza kuyaka moto. Musaliboole, musalifinye, ndipo lisinthidwe ndi munthu wodziwa.

Pa Xbox, mdani ndi mabatire osiyidwa m'kati. Mabatire wamba akatha n'kukhalitsa amatulutsa ufa woyera wonga mchere, umene umadya tizitsulo togunda batire. Ngati simusewera kwa milungu ingapo, achotseni. Musasakanize latsopano ndi lakale, chifukwa lakalelo ndilo limayamba kudontha. Kwa amene amasewera tsiku ndi tsiku, nzeru yabwino ndi kukhala ndi mabatire anayi otchajanso a mtundu wa NiMH, awiri ali m'kontrola, awiri ali pa tchaja.

Ikamaduladula kapena kuchedwa kumva

Pali mavuto awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi pamene kontrola imaleka kumveka kwa kamphindi, munthu wa mu gemu n'kupitiriza kuthamanga inu mutasiya kale. Lachiwiri ndi pamene zonse zikuyenda mosalekeza koma mochedwa, mwadina batani, kuwombera n'kubwera pambuyo.

Loyambalo ndi la mafunde. Mafunde a 2.4 GHz ali ndi eni ambiri: rauta ya Wi-Fi, mahedifoni opanda chingwe, mbewa ya kompyuta, ngakhale uvuni ya maikulowevu ikayaka. Hadi disiki ya USB 3.0 yolumikizidwa kumakina nayonso imatulutsa phokoso losokoneza mafunde amenewa. Ndiye yang'anani pamene makina akhala. Ngati rauta ili pambali pake, isuntheni mtunda wa mita imodzi kapena kuposerapo. Ngati makina ali kuseri kwa TV kapena m'kabati yachitsulo, atulutseni. Madzi amameza mafundewa, choncho thanki ya nsomba pakati pa inu ndi makina ili ngati khoma, ndipo thupi la munthu, poti ndi madzi ambiri, limatchinganso. Ndinaona zimenezi ndi Joy-Con: ndikakhala mopinda miyendo, dzanja lili kuseri kwa bondo, inkadula. Nditakweza dzanjalo pamwamba pa bondo, inasiya kudula. Mtunda nawo uli ndi malire. Microsoft imati kontrola ya Xbox imafika mamita 6 mpaka 9, ndipo khoma limafupikitsa mtunda umenewu. Batire likatsala pang'ono, kuduladula kumayambanso, ndiye yambani mwatchaja musanasunthe mipando.

Vuto lachiwirilo kawirikawiri si la kontrola n'komwe, ndi la TV. TV zamakono zimayamba zakongoletsa chithunzi zisanachionetse, ndipo kukongoletsako kumadya nthawi. Gemu yothamanga pa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi pafupifupi 17 alionse, ndiye TV ikasunga zithunzi zingapo, zala zanu zimamva kuchedwako. Tengani rimoti, lowani pa gawo la chithunzi, ndipo sankhani Game Mode. Mitundu ikhoza kuoneka yozirala pang'ono, koma batani ndi chithunzi ziyamba kuyendera limodzi. Yesani zimenezi musanaganize zogula china chilichonse.

Ikakaniratu kudzuka

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yendani mwadongosolo, chinthu chimodzi nthawi imodzi, kuti chikagwira ntchito mudziwe chimene chinalakwika.

Yambani ndi moto: isiyeni pachingwe kwa theka la ola musanaidine, chifukwa batire lotheratu silidzuka nthawi yomweyo. Ngati ndi ya Xbox, ikani mabatire atsopano. Kenako sinthani chingwe, n'kusinthanso kabowo ka USB. Suzumirani m'kabowo ka kontrola ndi tochi, popeza fumbi ndi timaulusi ta nsalu timaunjikana m'menemo mpaka chingwe osafika kumapeto. Tokosani mofatsa ndi kamtengo kopyapyala, osati singano yachitsulo. Zikakanika, zimitsani makina kotheratu, dikirani nyali zawo zonse zizime, zulani pulagi kwa mphindi imodzi, n'kuyatsanso. Pa Xbox kanikizani batani la pamakina kwa masekondi 10 kuti azimiretu.

Makontrola a PlayStation ali ndi njira inanso. Kumsana kuli kabowo kakang'ono ngati diso la singano. Pa DualShock 4 kali pafupi ndi batani la L2, pa DualSense kali chapakati. M'katimo muli kabatani kobwezeretsa zinthu pachiyambi. Wongolani kawaya kopanira mapepala, kalowetseni mpaka mumve kabataniko, ndipo kanikizani kwa masekondi 5. Kenako lumikizani ndi chingwe chonyamula uthenga chija n'kudina PS.

Ikadzuka, onani ngati ikufuna pulogalamu yatsopano, chifukwa nayo ili ndi pulogalamu yake m'kati. Pa Xbox mumachita zimenezi mu Xbox Accessories, pa Switch ndi Update Controllers pansi pa Controllers and Sensors, ndipo PlayStation 5 imakuuzani yokha. Ikayamba, musazule chingwe mpaka ithe.

Sitiki ikayamba kuyenda yokha

Ili ndiye vuto lenileni la ukalamba. Mwaika kontrola patebulo, simunaikhudze, koma kamera ya mu gemu ikutembenuka yokha pang'onopang'ono, kapena munthu wa mu gemu akuyenda chakumanzere. Osewera amalitcha drift, ndipo limagwira makontrola a makampani onse atatu.

Pansi pa sitiki iliyonse, kandodo kaja ka chala chachikulu, pali tizipangizo tiwiri toyeza kupendekeka, kena kumanzere ndi kumanja, kena kutsogolo ndi kumbuyo. M'kati mwake kachitsulo kamakhula kanjira ka kaboni nthawi iliyonse mukasuntha sitiki. Pakapita nthawi kanjirako kamaperepeseka, fumbi lake n'kusakanikirana ndi la kunja ndi mafuta a m'manja, ndipo kontrola imayamba kuwerenga molakwika pamene pali pakati.

Ngati changoyamba kumene, pali zoyesa. Zimitsani kontrola, ndipo ngati ili ndi mabatire a AA achotseni. Nyowetsani pang'ono kathonje ka pakamtengo ndi isopropyl, mankhwala otsukira zipangizo zamagetsi amene amauma msanga. Pendeketsani sitiki mbali imodzi kuti mpira wake wapansi uonekere, pukutani, ndipo zungulirani choncho mbali zonse. Zunguzani sitikiyo kangapo, n'kuisiya iume isanayatsidwe. Kathonjeko kakhale konyowa chabe, kosadontha. Musathire madzi, ndipo musapoperemo mafuta ofewetsera zitsulo, chifukwa amakoka fumbi n'kuonjezera vutolo.

Pa Switch lowani mu System Settings, Controllers and Sensors, kenako Calibrate Control Sticks. Muona kachizindikiro kamene kayenera kukhala pakati penipeni sitiki ikakhala yosakhudzidwa, ndipo makina akutsogolerani kuiphunzitsanso pakati pake. M'magemu ambiri owombera ndi a mpikisano wa magalimoto muli gawo lotchedwa deadzone, kadera kapakati kamene gemu imanyalanyaza kusuntha kwakung'ono. Kakulitseni pang'onopang'ono mpaka kamera iime. Kumeneku n'kuphimba bala chabe, koma kontrola ikhoza kukutumikirani miyezi ina.

Zonsezi zikalephera, kachipangizo kam'kati katha ndipo kakufunika kusintha. Ngati kontrola idakali pa chitsimikizo cha opanga, musaitsegule, ibwezeni kuti akonze. Ngati nthawiyo inadutsa, wokonza zamagetsi wodziwa kuwotcherera akhoza kuika sitiki ina. Mufunseni ngati ali ndi za mtundu wa Hall effect. Zimenezi zimayeza ndi maginito, palibe chokhulana, choncho siziperepeseka ngati zakale zija. Poteteza, sambani m'manja musanagwire kontrola, musaiponye m'chikwama momwe masitiki akhale opanikizika, ndipo muziisunga pamalo opanda fumbi, masitiki ataloza m'mwamba.

Kupita nayo ku foni kapena kompyuta, n'kubwerera

Kontrola yomweyi imagwira ntchito pa foni ndi pa kompyuta. Tsegulani Bluetooth pachipangizocho, ikani kontrola pa kuthwanima kofulumira kuja, PS ndi Share, PS ndi Create, kapena kabatani ka pamutu pa ya Xbox, ndipo sankhani dzina lake likatuluka. Makontrola a Xbox anayamba kukhala ndi Bluetooth mu 2016, pamene kunabwera Xbox One S. Kuti mudziwe yanu, yang'anani pulasitiki yozungulira batani la Xbox. Ikakhala imodzimodzi ndi nkhope yonse ya kontrola, Bluetooth ilimo. Ikakhala chidutswa china cholumikizana ndi mabatani a pamutu, ndi yakale ndipo ifuna chingwe.

Ya Xbox Series imatha kukumbukira makina ndi chipangizo chimodzi cha Bluetooth nthawi imodzi. Dinani kawiri motsatizana kabatani ka pamutu kaja kuti ibwerere kumakina. DualShock 4 ilibe mwayi umenewo. Mukamaliza kusewera pa foni, zimitsani Bluetooth ya foniyo kapena uzani foni kuti iiwale kontrolayo, apo ayi foniyo iziilanda nthawi iliyonse mwadina PS, mpaka muidziwanitsenso ndi makina. Kenako pitani nayo kumakina, lowetsani chingwe, dinani PS, ndipo dikirani nyali ikhazikike musanazule.